Dzino la Jesinta

"Alamu, ndati mkazi wanga apite kuchipatala lero lomwe. Dzuwa lisanafike paliwombo tikhale tili kumsewu."

"Mkazi wanu? Mudabwera naye kuchokera kwa Kaphuka? Mudampeza pano, alamu, ndipo za iyeyo timalamula ndife."

A Yeremiya adayankha osadzutsa nkomwe mutu. Ankasema mpini wa khasu pakhonde la mayi awo, ndipo mpiniwo ankauyang'ana mwachidwi kuposa mlamu wawo. Rafaelo adali atanjuta chapatali, kuseri kwa nkhokwe, pakuti kwathu kuno mkamwini saponda pakhonde la apongozi ake aakazi, sawayang'ana kumaso, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Lidali Loweruka m'mawa, mwezi wa Julaye m'chaka cha 1956, nkhungu itakwirira Phiri la Dedza mpaka m'tsinde.

M'nyumbamo mudali Jesinta, mkazi wa Rafaelo, mlongo wawo wa a Yeremiya. Dzino la kumapeto, la m'munsi, lidamuyamba Lolemba mwamuna wake ali kuphiri kocheka matabwa. Pofika Lachitatu tsaya lidatupa, ndipo mayi ake, a Nachisale, adamutenga kukamudwazikira m'nyumba mwawo. Rafaelo atatsika kuphiri Lachisanu adapeza kwake kuli zii, mwana wawo Esitere ali kwa mayi ake aang'ono. Mkazi wake ankangomumva kubuula kuseri kwa chipupa.

"Alamu, ndapota nanu," adatero Rafaelo akuwomba m'manja. "Jesinta sali ngati ine ndi inu. Ali ndi nthenda ya shuga. Chaka chatha asisiteri a kumishoni adaphika mkodzo wake m'kabotolo ine ndikuona, udasanduka wofiira ngati njerwa. Adatiuza kuti akangotupa paliponse, kaya ndi chala, kaya ndi dzino, tithamange naye tsiku lomwelo. Adati munthu wa shuga chilonda chake sichichedwa kuwola."

"Shuga tonse timamudziwa, amakhala m'thumba kusitolo kwa Amadu. Azungu aja akasowa dzina la matenda amangotola lililonse. Dzino ndi dzino basi. Ine awa atatu adandichotsa mbozi ndi a Ezara, lero ndikukukuta chimanga chokazinga."

"Koma alamu…"

A Nachisale adayankhula ali m'nyumba momwemo. Ankatchula mwana wawo, koma aliyense ankadziwa kuti mawuwo akupita kuseri kwa nkhokwe.

"Yeremiya, uwauze a kwa Kaphukawo kuti mwanayu ndidabala ndine. Kuchipatalako adamuletsa thobwa, adamuletsa uchi, adamuletsa nzimbe, mwana wangotsala mafupa okhaokha. Lero akufuna akamuletse chiyani? Madzi?"

"Mwamva nokha," adatero a Yeremiya. "A Ezara akubwera masana ano."

A Ezara adali okonza njinga kumsika, koma njinga zikasowa ankakonza mano. Adafika dzuwa litapendeka, thumba lachiguduli lili paphewa, nauza amayi kuti asonkhe moto kuseri kwa nyumba. Adaika phale pamoto mpaka lidatentha, nathirapo njere za nthula ndi timafuta ta nsatsi. Phalelo adalikhazika pamwala m'kati mwa mbale ya madzi, navundikira ndi chikho chobowola pamwamba, m'bowomo atasomekamo bango.

Kenaka adamutulutsa Jesinta, amayi awiri atamugwira uku ndi uku. Rafaelo adaima pamtengo wa pichesi akumuyang'ana. Tsaya lidali ngati wabisa mbatata m'kamwa, diso la mbali imeneyo litayamba kutsinzina. Kukamwa kudakanika kutsekuka, moti bango lija adachita kulilowetsa pakati pa mano. Adakoka utsi, adatsokomola, misozi ili chuchuchu, adakokanso.

A Ezara atavundukula chikho, amayi adafuula.

"Mayo! Taonani mbozi zija!"

M'madzimo munkayandama tinthu toyera, topindika, tochuluka kuposa khumi. A Yeremiya adanyamula mbale ija naiyendetsa kuti aliyense aone, ndipo adafika nayo mpaka pamtengo wa pichesi.

"Asisiteri anu akadaziona izi, alamu?"

Rafaelo adayang'anitsitsa. Iye adakulira kubusa, ndipo nthula ankaziponya pamoto ali mwana, nkumaona njere zikuphulika kutuluka timichira toyera. Adapita pamoto, adatenthanso phale lija, adatapa njere m'thumba la a Ezara, adavundikira chikho, bango lili lokhalokha popanda kamwa la munthu. Atavundukula, m'madzi mudali mbozi zina zatsopano.

Anthu adangoti kakasi. Mayi wina adagwira pakamwa. Koma a Ezara sadali munthu wosowa chonena.

"Izi ndi zotsalira m'bangomu," adatero akupukuta manja. "Zidali zambiri, mayiyu akadafa nazo."

"Mwaona?" adatero a Yeremiya, maso atafiira. "Ndipo inu alamu, mwayamba liti kupisa dzanja m'thumba la mlendo wanga, pabwalo la mayi anga?"

Pamene amayi ankamubweza m'nyumba, Jesinta adatembenuka ndi thupi lonse, poti khosi silinkalola. Mawu adatuluka movutikira, opyola m'mano.

"Bambo a Esitere, munditenge."

A Nachisale adamufunditsa nsalu kumutu, chitseko chidatsekedwa. Rafaelo adatsala panja ndi mawu ochepa amenewo, ndipo adamuwawa kuposa mwano wa alamu ake.

Lolemba sadakwere kuphiri. Adalawirira kumsewu waukulu, kusitolo ya Amadu, munthu wa ku Mangochi uja amene anthu ankamutchula mwenye wakuda chifukwa cha kofiya yake ndi lole yake yonyamula mbatata. Adamupeza akusesa pakhomo.

"Lole imapita kuboma Lachiwiri ndi Lachisanu," adatero Amadu. "Mawa mubwere naye m'mawa, akhala kutsogolo ndi ine, kuchipatala cha mishoni ndimadutsa pakhomo penipeni. Koma achimwene, kwanuko kuli ukwati? Alamu anu sabata imodzi yokha atenga shuga katatu."

"Shuga?"

"Shuga ndi masamba a tiyi. Akuti ngwa wodwala."

Rafaelo adathamanga njira yonse. Atafika kuseri kwa nkhokwe adaiwala nkuwomba m'manja komwe.

"Alamu! Shuga uja mukumwetsa ndani?"

Adayankha ndi a Nachisale, kudzera mwa mwana wawo monga mwa masiku onse.

"Yeremiya, uwafunse ngati munthu wosatha kutafuna amadya mphepo. Tikumumwetsa tiyi wotsekemera bwino ndi phala la uchi kuti apeze mphamvu. Ndipo akumwa, sakukana. Madzi okha akutha mtsuko patsiku."

"Ludzu limenelo ndiye matendawo! Mukumupha, alamu, mukumupha ndi manja anu!"

Apa ndisaname, a Nachisale ankamukonda mwana wawo. Shuga ameneyo adapita ndi nkhuku zawo ziwiri zoikira, iwo eni akumwa madzi otentha opanda kanthu. Ndiye kumva mkamwini akunena kuti akupha mwana wawo, adalira mokweza m'nyumbamo ngati pagwa maliro. A Yeremiya adaimirira, mpini uli m'manja.

"Mubwerezenso mawu amenewo, mugona kwa Kaphuka lero. Chabwino, mukufuna chipatala? Tione kuti kucha bwanji. Akapanda kupeza bwino, mawa tipita."

Kudacha, ndipo Jesinta sadapeze bwino. Rafaelo adadula mtengo wa machira, adamanga bulangete lake lomwe ankafunda kuphiri, nakhala kuseri kwa nkhokwe kudikira. M'malo moti atuluke wodwala, adaona akulowa a Ezara, m'manja muli chopanira chomwe ankamasulira mawilo a njinga.

"Alamu, tidagwirizana chiyani dzulo?"

"Taganiza kuti lingochoka. Dzino likachoka, mafinya atuluka, nkhani yatha. Tivutikirenji kunyamula munthu mtunda wonsewo m'chisanu chino?"

"Asisiteri adanena kuti asadzazulidwe kumudzi!"

"Asisiteri alibe mlongo pamudzi pano."

Zomwe zidachitika m'nyumbamo Rafaelo adazimva ndi makutu okha. Adamva a Ezara akuitanitsa supuni yokanulira kukamwa. Adamva amayi akuuzana kuti agwire miyendo. Kenaka kudamveka kulira komwe sikunkafanana ndi mawu a Jesinta, ndipo kenaka kuti thwa. A Ezara adatuluka thukuta lili kamukamu, naonetsa kachidutswa kakuda pachikhatho.

"Lathyoka. Chitsa chatsalira, koma chituluka chokha ndi mafinya. Muzimuthowa ndi madzi otentha."

Chakumsewu lole ya Amadu idaliza hutala kawiri, idadikira, idalizanso, kenaka idamveka ikutsetsereka. Rafaelo adakhala pansi pafumbi, bambo wandevu zake, nalira osabisa nkhope.

Lachitatu lonse Jesinta ankabuula. Lachinayi m'mawa kubuula kudaleka. A Yeremiya adati ndiye kuti ululu wachepa, ndipo adanyamula khasu kupita kudimba. Rafaelo adasendera pafupi ndi chipupa kuposa momwe adasenderapo pa zaka zisanu ndi zitatu za ukwati wake, natchera khutu. Kudali kupuma kwakuya, kofulumira, kokoka ndi kubweza osapumira ngati sowo ili pakati pa chipika.

"Mayi a Esitere," adaitana. "Mayi a Esitere, ndine."

Sikudamveke yankho. Adaitana kachitatu. Kenaka adachita chinthu chomwe anthu a m'mudzimo adachikamba zaka zambiri: adakwera pakhonde, adakankha chitseko, adalowa m'nyumba ya apongozi ake.

A Nachisale adakuwa, adadziphimba kumaso ndi nsalu, nakanirira kuchipupa.

"Kuno kulibe anthu kodi! Mkamwini wandilowera! Mkamwini wandiona!"

Rafaelo sadawamve nkomwe. Nyumbayo idalibe zenera, ndipo m'katimo mudali mdima ndi utsi. Chidamulandira ndi fungo, la mafinya losakanikirana ndi lina lotsekemera ngati masuku owola. Adapapasa pamphasa, adagwira thupi lotentha ngati mbale yochoka pamoto, adalinyamula natuluka nalo panja.

Amayi omwe adathamangira kukuwa kuja adafika akutukwana, koma ataona chomwe chidali m'manja mwake adaleka onse nthawi imodzi. Khosi la Jesinta lidali litatupa mpaka kufanana ndi mutu, kuyambira kuchibwano kutsikira pachifuwa, lolimba, lonyezimira, lakuda mbali imodzi. Lilime lidakankhidwira kunja pakati pa mano, dovu la magazi likutsika. Maso adali otsekula koma sankaona munthu. Pansalu yake, pomwe adakodzera, panali nyerere zili nyomi.

A Yeremiya adafika akuthamanga kuchokera kudimba, khasu lili m'mwamba, akufuula kuti lero aona. Atayandikira adaima. Khasu lidagwa lokha.

"Uyu ndi Jesinta?" adafunsa.

Iwo adali atalamula za mlongo wawo sabata yonse ali pakhonde. Chiyambire tsiku la nthula lija sadamuonepo poyera, ndipo a Nachisale eni ake ankamusamala mumdima, akumangomva ndi manja kuti mwana akutentha. Mayiwo atasuzumira pakhomo nkuona khosi lija padzuwa, adagwa pansi.

"Gwirani uko," adatero Rafaelo, ndipo a Yeremiya adagwira mtengo wa machira.

Sadapume mpaka kumsewu. Amadu atavundukula bulangete adabwerera m'mbuyo, adatchula dzina la Mulungu, natseka sitolo makasitomala ali pakhomo. Silidali tsiku lake la ulendo, koma adaliza lole. Njira yonse Rafaelo adakhala kumbuyo atatsamiritsa mutu wa mkazi wake pachifuwa, chifukwa akamugoneka mpweya unkatsekeka.

Kuchipatala adawalandira ndi bambo wina wothandiza adokotala, wa imvi zapatalipatali, wovala chovala choyera. Adangoyang'ana kamodzi nafuula kuti aitane asisiteri. Atamulowetsa Jesinta, bamboyo adatuluka nkhope itasintha.

"Mayiyu ndimamudziwa, ndi wa shuga. Tidamuuza. Kutupaku kudayamba liti?"

"Lachitatu la sabata yatha," adayankha Rafaelo.

"Masiku asanu ndi anayi! Ndani adathyola dzino lija? Ndani amamumwetsa zotsekemera, mpweya wake ukuchita kununkha? Mwini wake wa munthuyu ndani?"

A Yeremiya adaloza ndi mlomo.

"Mwamuna wake ndi awa."

Bamboyo adatembenukira Rafaelo, ndipo adamutsanulira zonse, anthu apamzere akumva. Adamufunsa ngati ali ndi maso, ngati makutu ake adali kuti tsiku lomwe asisiteri ankalangiza, ngati nkhuku yake ikadwala amadikira masiku asanu ndi anayi. Rafaelo adangoyang'ana alamu ake. A Yeremiya ankayang'ana zala za kumapazi.

Asisiteri adayesetsa. Adang'amba pansi pa chibwano, mafinya adadzaza kambale, adamubaya jakisoni wa shuga ndi wina wa chilonda. Lachisanu masana Jesinta adamwalira osatsitsimuka. Sisiteri wamkulu adauza Rafaelo, m'Chichewa chake chopotoka, kuti akadabwera Loweruka lija bwenzi atagona masiku atatu okha nkubwerera kwawo ndi miyendo yake. Ankaganiza kuti akumuphunzitsa. Rafaelo adatuluka panja nakasanza kuseri kwa mpanda.

Maliro adaikidwa Lamulungu. Patapita sabata ziwiri, atameta, abale a Jesinta adakhala pansi pabwalo la a Nachisale naitanitsa Rafaelo. Adakhala pamalo pake pa masiku onse. Iye ankaganiza kuti mwina pamenepa wina atchula dzina la a Ezara, kapena shuga uja, kapena lole yomwe idaliza hutala katatu. Adayankhula ndi a Yeremiya, ndipo mawu awo adali atabwerera mwakale.

"Alamu, ife takhala pansi, taunika. Dzino silipha munthu. Tonse pano tadwalapo mano. Kutupa kuja si kwa dzino, ndi tsempho."

Tsempho, kwa amene simulidziwa, ndi kutupa komwe makolo amati kumagwira mkazi kapena mwana ngati bambo wayenda ndi akazi ena nkubwera kudzakhudza a m'nyumba mwake.

"Inu mumagona kuphiri sabata yathunthu," adapitiriza. "Zomwe mumachita kumeneko mukuzidziwa nokha. Pamwamba pa izo mudalowa m'nyumba ya apongozi anu, mudamugwira wodwala ndi thupi lanu lotenthalo, tsiku lotsatira adapita. Nanga tifunenso umboni wanji?"

"Alamu," adatero Rafaelo, "khasu lidakugwani m'manja tsiku lija. Mudaona chimene ndidaona. Kuchipatala mudamva ndi makutu anu. Mukunena zimenezi pamaso pa Mulungu?"

"Kuchipatala adakalipira inu, osati ine."

Rafaelo adayang'ana amayi aja mmodzimmodzi, omwe adagwira miyendo, omwe adaona mbozi zikutuluka m'bango lopanda kamwa. Aliyense adapeza choyang'ana pansi. A Nachisale adali m'nyumba, akulira chapansipansi, ndipo sadatume mawu aliwonse.

"Ife sitikufuna milandu," adatero a Yeremiya. "Takusudzulani. Mubwerere kwanu mwamtendere."

"Nanga Esitere?"

"Esitere ndi wa pano. Koma mbatata ya kudimba ija yakhwima, ndipo mizere yake mukuidziwa ndinu amene mudabzala. Mukumbe kaye, mututire kuno, kenaka muzipita bwino."

Adakumba masiku anayi. Tsiku lachitatu, ali chiweramire pamzere, Esitere adafika kudimbako ndi kamtsuko kake ka madzi, kamutu kali kometa. Adali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Adaima patali pang'ono, monga momwe adaonera akuluakulu akuimira, nayang'ana bambo ake nthawi yaitali.

"Ababa, akuti mudapha amayi ndinu. Kwanu mupita liti?"

Rafaelo adatsamira khasu. 

"Mkuja, mwana wanga," adatero.

Mwanayo adagwedeza mutu, adasenza kamtsuko kake, nabwerera kumudzi kukanena.